Mbalame Ikadzuka pa Mazira, Mwayandikira Kwambiri

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi mtsinje wa Thuchila kuno ku Mulanje, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu. Masabata atatu apitawo ine ndi ana tinapeza kabakha kakang'ono komira m'madzi katakhala pa kamulu ka zinyalala pakati pa damu. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, iko kanathawa, ndinaona mazira 4 n'kuwajambula ndi foni. Titabwerera patapita masiku awiri, mazira aja osaoneka. Kodi ndalakwitsa ndine? Ndikusunga ndalama yogulira kamera yeniyeni, ndigule yotani? Nanga n'chifukwa chiyani akakowa ndikawajambula amangotuluka mbuu, nthenga zosaoneka? Ndikufuna ana aphunzire momwe mbalame za m'madzi zimaswerana.

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi mazirawo, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Za kamera zibwera pambuyo.

Kambalame munakaonako si bakha, ngakhale tonse timakatchula choncho. M'mabuku a Chingerezi kamalembedwa kuti little grebe. Mulomo wake ngosongoka, si wophwatalala ngati wa bakha, ndipo miyendo yake ili kumbuyo kwenikweni, moti pamtunda kamayenda movutikira ngati kamangidwa. N'chifukwa chake sikamanga chisa pouma. Kamaunjika ndere ndi udzu wovunda pamwamba pa madzi, n'kukoletsa mulu umenewo ku bango kapena ku njedza kuti mphepo isaukokolole. Kakamva kuti kukubwera chinthu, kamaimirira, n'kutola udzu wonyowa ndi mulomo mwachangu, kuphimba mazira onse, kenako chubwi m'madzi. Wodutsa amangoona zinyalala.

Choncho pali zinthu zitatu zimene zingakhale kuti zinachitika, ndipo chithunzi chanu chija chingatithandize. Chitseguleni muone mtundu wa mazirawo. Dzira la kambalame aka limaikidwa lili loyera, koma udzu wovunda umalidetsa tsiku ndi tsiku mpaka kufiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Ngati anali ofiirira kwambiri, anali atakhalitsa, ndipo poti kamafungatira masiku pafupifupi 20, mwina munafika atatsala pang'ono kuswa. Ana ake sachedwa pachisa, amalowa m'madzi n'kumakwera kumsana kwa makolo. Chachiwiri, mwina mazira analipo ndithu tsiku munabwereralo, koma ataphimbidwa, chifukwa ulendo uno kanakuonerani patali n'kupeza mpata. Chachitatu ndiye chowawa. Tsiku loyamba lija munawaona mazira ali poyera, kutanthauza kuti munakadzidzimutsa kasanaphimbe. Mazira oyera pa mulu wakuda amaonekera kutali, ndipo khwangwala sasowa mu mtengo wapafupi.

Ngati chinachitika ndi chachitatucho, inde, munathandizira. Sindikukuweruzani, poti ine ndinachita zoposa pamenepo. Ndikuyamba kumene kujambula, ndinapeza chisa m'bango pa damu lina la esiteti ya tiyi ku Thyolo. Mabango awiri ankanditchinga, ndiye ndinatenga chikwanje n'kuwadula bwinobwino, ndikudziona ngati wanzeru. Zithunzi za tsiku limenelo zinatuluka zokongola. M'mawa mwake ndinapeza zigoba zokhazokha, zina zikuyandama, ndipo njira imene ndinaponda m'udzu inali italunjika pachisa ngati ndaika chikwangwani. Ng'anzi imatsata njira zoterozo, agalu nawonso, osanena anyamata a malegeni. Mabango awiri aja mbalameyo inawasankha dala. Zithunzizo ndikadali nazo, koma sindinazionetsepo munthu.

Anthu amandifunsa kuti mtunda woyenera ndi mamita angati. Nambala yake palibe, mbalame ndiyo imakuuzani. Ikakhala kuti ili pamtendere imadzikonza nthenga, imasinza, imatembenuza mazira ndi mulomo. Mukaona yasiya zonsezo, khosi njoo, diso lili pa inu, mwafika pamalire. Ikadzuka ndiye mwalumpha kale. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, khalani pansi, ndipo ikapanda kubwerera pachisa m'kanthawi kochepa, nyamukani muzipita. Chizindikiro china chimene ambiri sachidziwa ndi mbalame imene yanyamula chakudya kukamwa koma ikungodumphadumpha m'nthambi osalowa kwina kulikonse. Imeneyo ili ndi ana pafupi, ikudikira kuti muchoke. Pa dzuwa la mu Okutobala dzira losiyidwa poyera silichedwa kupsa, ndipo pa chiperoni cha mu Julayi silichedwa kuzizira. Timbalame tija tapamchenga timene timakwawa tikukoka phiko ngati tathyoka sitinavulale ayi, tikukunyengererani kuti muchoke pamene pali mazira. Titsatireni, tikutulutseni.

Tsono mufunsa kuti ngati sitiyandikira, tiphunzira bwanji? Za chisa zimawerengedwa pa mulomo wa mbalame, munthu ali chikhalire patali. Ikamanyamula udzu, matope kapena timitengo, ikumanga. Mukaona ziwiri zija zasanduka imodzi, ina ikungotulukira mwa apo ndi apo n'kusinthana ndi inzake, zikufungatira. Ikayamba kunyamula nsomba, achule kapena tizilombo osameza, ana aswa. Tsiku loyamba kuona chakudya kukamwa lilembeni, ndilo tsiku lamtengo wapatali pa onse, chifukwa kuchokera pamenepo mutha kuwerengera cham'mbuyo n'kudziwa pamene mazira anaikidwa, ndiponso cham'tsogolo n'kudziwa pamene ana adzauluke. Apa m'pamene ana anu a kalabu angagwire ntchito yeniyeni. Kope limodzi, pensulo, wotchi ya pafoni. Tsiku, nthawi, malo, nyengo, chimene mbalame yanyamula, ndi maulendo amene yabwera pa ola limodzi. Zikani ndodo m'mphepete mwa damu, muidinde mizere, ana azilemba pamene madzi afika sabata iliyonse. Pakatha chaka mudzaona nokha kuti kuswana kwa mbalame zimenezi kumatsata madzi kuposa kalendala.

Pophunzitsira, yambani ndi nantchengwa, amene ena amati katawa. Palibe mbalame ina ya m'madzi imene ingakupatseni zambiri chotere popanda kuivutitsa, ndipo m'mitsinje ya Mulanje ndi Thyolo sasowa. Ndi kambalame kofiirira kosaposa nkhuku, kamutu konga hamala, koma chisa chake ndi nyumba. Chimafika mita imodzi ndi theka m'lifupi, chimadya timitengo masauzande angapo, ndipo denga lake ndi lolimba moti munthu wamkulu atha kuimapo. Mwamuna ndi mkazi amamanga limodzi, kawirikawiri pa mphanda ya mtengo waukulu woyandikana ndi madzi, nthawi zina pathanthwe. Amayamba ndi pansi ngati mbale, n'kukweza makoma, n'kufolera. Khomo amaliika cham'munsi, kuyang'ana pansi, lopapatiza, lomata ndi matope, ndipo kuchokera pakhomopo pali kanjira ka masentimita mpaka 60 kokafika kuchipinda. Muyang'anitsitse akamalowa. Amabwera chouluka motsika, n'kukwera mwadzidzidzi, kupinda mapiko, lowu. Chithunzi chimenecho n'chovuta, ndipo ndicho chosangalatsa kuchisaka. Padenga amaunjikapo chilichonse chimene wachipeza: nsanza, mapepala a pulasitiki, mafupa, zikopa za njoka, ngakhale sokosi imene inasowa pa chingwe cha munthu wina.

Ntchito yomangayo imatenga masabata ambiri, nthawi zina kupitirira 10, makamaka m'mamawa, ndiye ana ali ndi nthawi yokwanira yowerenga maulendo ake ndi kujambula akutola timitengo pamchenga. Chodabwitsa n'chakuti banja limodzi limatha kumanga zisa 3 mpaka 5 pa chaka, zina osaikiramo n'komwe. Akaikira, mazira amakhala 3 mpaka 7, oyera, amafungatira masiku pafupifupi 30, ndipo ana amatuluka pakatha masabata pafupifupi 7. Nyumba zotsalazo sizikhala zopanda eni. Kadzidzi amalowamo, nthawi zina kulanda mwini wake asanamalize, atsekwe ena amaikira padenga, njuchi zimamangamo, njoka ndi ng'anzi zimagonamo. Pa chifukwa chimenechi mwana asapise dzanja m'chisa cha nantchengwa, kaya chikuoneka chakale bwanji. Akuluakulu ankatiletsa kugenda mbalame imeneyi kapena kupasula chisa chake, ati ukatero umadziitanira tsoka. Ine mwambo umenewo sindiutsutsa pamaso pa ana. Wasunga nantchengwa kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo ndi chifukwa chake saopa anthu kwambiri, amalola kujambulidwa amayi akuchapa chapafupi.

Wachiwiri ndi nankapakapa, wa mawanga akuda ndi oyera uja amene amaima m'malere akukupiza mapiko asanadziponye m'madzi. Iyeyu chisa chake simudzachiona ngakhale mutafuna, chifukwa amakumba una m'chikhoma cha mchenga cha m'mphepete mwa mtsinje, wotalika pafupifupi mita imodzi, n'kuikira kumapeto kwake pa dothi lokhalokha. Amadikira madzi aphwe kuti zikhoma zionekere, ndiye muzimuyang'ana m'chilimwe m'mbali mwa Thuchila ndi Ruo. Una umene uli ndi mwini umakhala ndi timizere tiwiri pakhomo pamene mapazi amakhula, ndipo ana akakula pamayenderera zitosi zoyera ndi fungo la nsomba. Musaime pamwamba pa chikhomacho, denga la una limagumuka. Wamwamuna ali ndi mizere iwiri yakuda pachifuwa, wamkazi umodzi wodukiza pakati. Ana akadziwa zimenezi adzazindikira chinthu china: pa una umodzi nthawi zina pamabwera amuna awiri kapena atatu ndi nsomba. Enawo ndi othandizira, ena mwa iwo ana a chaka chatha amene akulera abale awo.

Onaninso kagwiridwe ka nsomba. Akafuna kudya yekha, amaimenyetsa pa nthambi n'kuitembenuza kuti mutu uyambe kulowa kukhosi. Akamapita nayo kwa mkazi kapena kwa ana, mutu wa nsomba umaloza kutsogolo, kunsonga ya mulomo, kuti wolandirayo ameze bwino. Mukangoona nsomba yoloza kutsogolo, mwadziwa zonse osasuntha pamene mwakhala.

Ndipo apa m'pamene pali chinsinsi cha zithunzi zabwino. Musajambule chisa, jambulani njira yopita kuchisa. Mbalame ndi ya chizolowezi. Nankapakapa asanalowe mu una amatera kaye pa nthambi imodzimodzi, kuyang'ana uku ndi uku. Nantchengwa amatola matope pa malo amodzi. Kakowa ali ndi mwala wake umene amakonda kuimapo. Pezani malo amenewo, khalani masiku awiri kapena atatu osajambula n'komwe, kenako lozetsani kamera pa nthambiyo n'kudikira kuti mwini wake abwere. Chithunzi cha mazira ali duu m'chisa n'chimodzimodzi kulikonse, pamene cha mbalame itanyamula nsomba, maso ali tcheru, chimanena nkhani yonse. Kachisakasa ka udzu ndi nsungwi kamathandiza, koma kamangeni patali, ndipo muzikasendeza pang'ono pakapita masiku, osati kukadzika tsiku limodzi pamaso pa mbalame. Popita mukhale awiri, wina akakusiyeni m'kachisakasamo iye n'kubwerera poonekera. Mbalame zambiri zikaona munthu akuchoka zimakhazikika.

Za nyengo ndingodutsamo mwachidule. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, m'bango mumakhala phokoso la atchete, amuna akuluka zisa zolendewera pamwamba pa madzi, akazi akubwera kudzayendera ntchito, ndipo chisa chikakanidwa mwamuna amachiphwasula n'kuyambiranso. Abakha a m'tchire a nkhope yoyera, oimba likhweru aja, amaikira pansi m'udzu wautali nthawi yomweyo, ndiye ana asamathamange m'madambo chisawawa. Nkhwazi, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, imadikira mvula ithe. Imabwerera ku chisa chomwecho chaka ndi chaka pa mtengo wautali, kuikira mazira 1 mpaka 3, kufungatira masiku oposa 40, ndipo mwana amatha miyezi iwiri ndi theka asanauluke. Kumtunda, m'mitsinje yothamanga ya m'phiri monga Likhubula ndi Lichenya, kuli bakha wakuda wa mawanga oyera kumsana, wamanyazi kwambiri, amene amabisa chisa m'zinyalala zimene madzi osefukira anaunjika. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anasintha mitsinje yambiri ya kuno, zikhoma zina zinapita, zina zatsopano zinabadwa, choncho malo amene munthu anakuuzani zaka zisanu zapitazo muyambe mwakaona nokha.

Kalabu ikadzapeza ndalama ya ulendo, pitani ku Nyanja ya Chilwa kudzera ku Phalombe. Ndi dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar, ndipo lachiwiri ndi Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, lomwe linalowa mu 2017, cha kumene Ruo wathu yemweyu amakathira mu Shire ku Chiromo. Chilwa ndi nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbalame zake zimachuluka ndi kuchepa motsata madziwo. Kumeneko, ngakhalenso pa madamu ena a kuno amene ali ndi kakombo, mukapeza mbalame ya zala zitalizitali yoyenda pamwamba pa masamba, imene m'mabuku amati African jacana. Nkhani yake ana amaikonda. Mkazi ndiye wamkulu thupi, amakhala ndi amuna angapo, amaikira mazira 4 pa masamba oyandama n'kumusiyira mwamuna. Bamboyo ndiye amafungatira ndi kulera, ndipo pakachitika zoopsa amapanira ana kunsi kwa mapiko n'kuthawa nawo, timiyendo tawo tikulendewera, moti amaoneka ngati mbalame ya miyendo isanu ndi itatu.

Tsopano kamera. Ndikunenani zimene wogulitsa sangakuuzeni: musanagule kamera, gulani ma binoculars, magalasi a maso awiri oonera zinthu zakutali. Olembedwa 8x42 ndi abwino, ndipo ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito amakwanira. Ana makumi atatu atha kusinthana chida chimodzi chimenecho, pamene kamera imakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Komanso mukagunditsa diso la kamera ya foni pa diso limodzi la ma binoculars, mutawatsamiritsa pa thumba la mchenga kapena la nyemba, mumapeza chithunzi chokwanira kuzindikirira mbalame. Zoom ya foni yokoka ndi zala ija siyandikitsa kanthu, imangodula chithunzi n'kuchikulitsa, n'chifukwa chake chimatuluka ngati phala. Foni ndi imene inakulowetsani m'madzi mpaka m'chiuno.

Ndalama ikakwana, kwa munthu wa malipiro a uphunzitsi ndimalangiza makamera a lenzi yosachotsa koma yokoka patali, monga Nikon Coolpix P900 kapena Canon PowerShot SX70. Kuwala kukachepa amavutika, ndipo mbalame youluka amaiphonya kawirikawiri, koma amakulolani kukhala kutsidya kwa damu n'kujambula diso la mbalame ili pa mazira osadziwa kuti mulipo, ndipo pa ntchito yanu chimenecho ndicho chachikulu. Kamera yosintha malenzi imaposa pamenepo, koma pokhapokha mutapeza lenzi ya 300mm kapena 400mm, ndipo lenziyo nthawi zambiri imadula kuposa kamera. Yaing'ono imene amagulitsira limodzi ndi kamera ija ndi ya pa ukwati. Mukamagula yakale, walitsani tochi m'kati mwa lenzi, mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, ndi nkhungu, isiyeni. Dziwaninso kuti lenzi yaitali siona chinthu chimene chayandikira kwambiri. Paja mbalame ikatera pa uta silasika.

Nkhunguyo ndiye mdani wathu kuno. Chinyontho cha Mulanje ndi Thyolo n'chabwino kwa tiyi, osati kwa magalasi. Kamera isagone m'chikwama chonyowa kapena m'kabati yotseka miyezi. Pezani chigubu cha pulasitiki chotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, ndipo muzitiyanika pamoto wochepa nthawi ndi nthawi kuti tiyambirenso kuyamwa.

Akakowa otuluka mbuu aja, vuto si foni yokha, kamera yodula imachitanso chimodzimodzi. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufuna kuti chikhale pakatikati. Kumbuyo kukakhala madzi akuda kapena tiyi wobiriwira, iyo imaganiza kuti kwada, n'kuwonjezera kuwala, ndipo choyera chija chimapsa. Chikapsa sichibwereranso, kaya mukonze bwanji pa kompyuta. Pa foni, dinani pa mbalameyo, kenako kokerani pansi kachizindikiro ka dzuwa kaja mpaka nthenga zitayamba kuoneka. Pa kamera pali batani lolembedwa +/-, litsitseni kufika pa -1, nthawi zina kupitirira. Kumbuyo kudzada, koma palibe kanthu, kakowa amakongola pamdima. Mbalame yakuda ili kumwamba koyera muchite mosemphanitsa, kwezani. Ndipo pewani dzuwa la masana. Tsiku la chiperoni, limene aliyense amati n'loipa kujambula, ndilo labwino kwa mbalame zoyera, chifukwa mitambo imafewetsa kuwala nthenga iliyonse n'kuonekera. M'nyengo yoswana akakowa oyenda ndi ng'ombe aja amamera nthenga zachikasu pamutu, pachifuwa ndi kumsana. Mukaona zimenezo, tsatirani kumene akulowera madzulo, mukapeza mtengo umene amanga zisa zambirimbiri pamodzi. Pamenepo ndiye muime patali kwambiri, chifukwa gulu likadzidzimuka ana amagwa m'zisa.

Manambala ena oti musunge ndi ochepa. Mbalame yokhala phee, shutter, nthawi imene kamera imatsegula diso lake pojambula, ya 1/500 ya sekondi imakwana. Youluka, 1/1000 ndiye poyambira, ndipo kuti mapiko a nankapakapa aime pamafunika 1/2000 kapena kuposa. Kuwala kukachepa musaope kukweza ISO, nambala yothandiza kamera kuona pamdima, kufika pa 800 kapena 1600, chifukwa chithunzi cha timadontho chimaposa chogwedezeka. Focus, malo amene kamera imaonetsa bwino kwambiri, ikhale pa diso la mbalame. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Ndipo tsikani pansi, gonani chafufumimba pa saka m'mphepete mwa madzi kuti kamera ilingane ndi mutu wa mbalame. Mukajambula mutaimirira mumapeza msana wa mbalame ndi matope, mukagona mumapeza nkhope yake, kumbuyo kukuoneka kosalala. Inu a kumadzulo kwa phiri muli ndi vuto lanulanu: dzuwa limachedwa kutuluka kuseri kwa phirilo, ndipo mukakhala pafupi nalo limatulukira litakwera kale, kuwala kofewa kwa m'mawa kutatha. Madzulo ndiye anu, kuyambira cha m'ma 4 koloko, dzuwa lili kumsana, thanthwe la Chambe likufiira kumbuyo kwa mbalame.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma sindingaisiye. Munalowa m'damu mpaka m'chiuno. Madzi odikha okhala ndi udzu ndi nkhono ndiwo kwawo kwa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu osamva n'kuwawa komwe. Zizindikiro zimachedwa, ndiye pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse, ngakhale mukumva bwino. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Ngati ana ena analowa nanu, auzeni makolo awo. Kumunsi kwa Ruo musaiwale ng'ona, ndipo poti mtsinjewo ndi malire athu ndi Mozambique, musalozetse lenzi yaitali pafupi ndi chipata cha Muloza osayamba mwalankhula ndi ogwira ntchito pamenepo.

Madamu ambiri abwino ali m'maesiteti, ndi malo a eni. Pitani ku ofesi ndi kalata ya kusukulu, nenani chimene mukufuna, ndipo mlonda wa pamalopo mucheze naye bwino, chifukwa amakhala pamenepo usana ndi usiku ndipo amadziwa mtengo uliwonse umene uli ndi chisa. Kumudzi yambirani kwa amfumu. Munthu wobisala m'kachisakasa ndi kamera pafupi ndi pamene amayi amasamba ndi kuchapa sangamvetsetseke, kaya cholinga chake n'chabwino chotani.

Ana a kalabu ndi omwewo amene Loweruka amayenda ndi malegeni ndi ulimbo, ndipo ali ndi abale awo kunyumba. Ine ndimachita chonchi: mnyamata amene amadziwika kuti ndi katswiri wa legeni ndi amene ndimamupatsa kope. Maso ake ndi akuthwa kuposa a onse, zisa amazidziwa kale, ndipo chisa chikalembedwa m'dzina lake amachilondera ngati mbuzi ya kwawo. Gulu lonse lisamapite pamodzi, atatu kapena anayi pa ulendo akwana. Poika zithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp musatchule malo enieni a chisa ana asanauluke, ndipo muzimitse chosonyeza malo pa kamera ya foni. Zolemba zanu zili ndi kopita. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi ndilo limagwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu, pa tsamba la pa intaneti la eBird mutha kulemba mbalame zimene mwaona kwaulere, ndipo mu Januwale ndi mu Julayi kumakhala kalembera wa mbalame za m'madzi m'maiko ambiri a mu Africa. M'Malawi mwalembedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma za masiku enieni amene zimaikira pa damu ngati lanulo, wolemba ndi amene amakhala pafupi.

Loweruka likubwerali bwererani ku damu lija madzulo, ndi ana awiri okha. Khalani pansi pa mtengo mbali ya kumadzulo, mamita 40 kapena 50 kuchokera pa kamulu kaja, ndipo mukhalepo ola lathunthu osayankhula. Mukaona kambalame kaja kakusambira msana utatukuka pang'ono, yang'anitsitsani pakati pa mapiko, mwina mutuluka timitu ta mizeremizere. Mukakaona kakumira n'kutuluka ndi udzu kukamwa, ndiye kuti mazira oyamba anatayika ndipo kayambiranso, poti mtundu umenewu umaikiranso madzi akakhala kuti akadalipo. Mulu watsopanowo mwina ukhala mkati mwa bango, pobisika kuposa woyamba. Lembani tsikulo m'kope, ndipo mudzandilembere pakatha masabata anayi mundiuze chimene chili kumsana kwake.